Mpeni wa Chigwiriro cha Nyanga

Ana inu mumakonda kufuula kuti "choipa chitsata mwini" mnzanu akagwera m'kadzenje komwe anakumbira wina, ndipo mumaseka mpaka misozi. Sekani, palibe mlandu. Koma kwathu ku mapiri a ku Mwanza, kumene manachesi amabereka mpaka nthambi kuthyoka, akuluakulu amati mawu amenewa sanabadwe ndi kuseka. Anatuluka m'kamwa mwa mayi wina wosaona bwino, m'kagolosale kakang'ono, ndipo amene anawamva koyamba analira. Ndikuuzani monga mmene ndinamvera ine.

M'mudzi wa Kalimanjira munali bambo wina dzina lawo a Yotamu Chimkwita, katswiri womezanitsa mitengo. Ankacheka khungwa la kamtengo ka ndimu, n'kulowetsamo kadiso ka nachesi wokoma, ndipo pakapita zaka zingapo mtengo umene ukanabala zowawasa unkabala zotsekemera. Koma a Yotamu ankangocheka. Womanga pachilondapo anali akazi awo, a Nangozo, amene zala zawo zinali zofulumira ndi zofatsa, moti pa mitengo khumi yomwe amanga, wofa unkakhala umodzi kapena osafa ndi umodzi womwe. Anthu ankayamika mwamuna, monga mwa chizolowezi cha anthu, koma a Yotamu ankadziwa bwino kumene kunali luso.

Pamphambano ya mudziwo panali golosale ya a Namulangeni, mayi wamasiye amene maso awo anachita ng'ala. Munthu ankamuzindikira ndi mawu, katundu ankamudziwa ndi zala ndi mphuno. Golosale yonse inkayenda ndi chilungamo cha ogula, ndipo ngakhale ana osamva kwambiri ankachita manyazi kuwabera ndi siwiti yomwe.

Mayiwa anali ndi lamulo lawo. Ukagula chinthu n'kupeza kuti sichikukuyenera, unkaloledwa kubweza. Iwo ankangofunsa funso limodzi: "Kodi chalawa ntchito?" Ukati ayi, chinthucho chinkabwerera pashelefu ngati chatsopano. Ukati inde, sankakukalipira. Ankachiponya m'dengu lomwe linkakhala pansi pa tebulo, dengu la zolawa, ndipo wogula za m'menemo ankauzidwa chilema cha chinthu chilichonse asanachitenge.

Chaka china, nyengo yomezanitsa itayandikira, m'golosalemo munabwera mipeni iwiri yopinda. Wina unali ndi chigwiriro cha mtengo, wooneka wamba. Winawo unali ndi chigwiriro cha nyanga, chosalala, chakuda cha mizere yoyera. A Yotamu atauona mtima unagwa pomwepo, ndipo anagula wanyangawo. Kunyumba anautambasula ndi kuupinda kambirimbiri, akumvetsera kulira kwake.

"A Nangozo, tamverani," anatero. "Chibadwire changa sindinagwirepo mpeni wotere."

"Ndamva kale kasanu, abambo," anayankha a Nangozo akuseka. "Mukagona nawo, ine ndikagona kukhitchini."

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lachiwiri m'mawa, mbuzi zinaboola mpanda wa nazale. A Yotamu pofuna kukonza waya anapeza msomali wokhota utakanirira pamtengo. Pulayazi yozulira misomali inali m'nyumba, mayadi makumi awiri okha kuchokera pomwe anaima, koma ulesi wa mwendo ndi matenda akale. Anatulutsa mpeni watsopano uja, n'kulowetsa nsonga kunsi kwa msomali, n'kukanikiza. Kunamveka kuti thee! Kachitsulo ka kumsana, kamene kamagwira mpeni ukatambasulidwa kuti usapindike, kanasweka m'kati.

Kunja mpeniwo unkaoneka bwinobwino. Koma atayesa kusenda kanthambi mokanikiza, unapindika mwadzidzidzi n'kuwaluma chala chachikulu. Anayamwa magazi ataima pakati pa mbande zawo, ndipo maganizo oipa anabwera mofatsa, monga amabwerera masiku onse. Anatsuka mpeniwo ndi phulusa ndi madzi a ndimu mpaka utomoni wonse unachoka. Anadontheza mafuta a makina osokera pachopindikira, anakhoma pang'ono kamsomali kake kuti kalimbe, n'kuubwezera m'kabokosi kake.

"Odi, amayi," anatero atafika kugolosale.

"A Yotamu. Lowani. Mwaswera bwanji?"

"Ndaswera. Mpeni uja, amayi, dzanja langa silikugwirizana nawo. Chigwiriro chikuterera. Bwanji ndisinthe ndi wamtengo uja?"

A Namulangeni analandira mpeniwo, anaupapasa, anaubweretsa pafupi ndi nkhope.

"Kodi walawa ntchito?"

Dengu la zolawa linali pomwepo, pafupi ndi phazi la a Yotamu. Analiyang'ana. Anaganiza za mmene anthu adzasekere akamva kuti katswiri wa mudzi wonse wathyola mpeni watsopano pozula msomali.

"Ayi, amayi. Sunalawe."

"Chabwino, mwanangu."

Mayiwo anaika mpeniwo pashelefu, n'kuwapatsa wamtengo uja, ndipo poti wanyanga unali wodula, anawonjezerapo mchere ndi sopo. Popereka, dzanja lawo linakhudza kansanza komwe kanali pachala cha a Yotamu.

"Nanga chala chatani?"

"Minga ya mandimu, amayi."

Bodza silikonda kuyenda lokha. Kunyumba a Nangozo atafunsa kumene kwapita mpeni wokondedwa uja, a Yotamu anaika mchere ndi sopo pamphasa n'kunena kuti, "M'nyumba mukhale mopanda mchere, ine ndizinyadira nyanga? Wamtengowu ukwanira." A Nangozo anatola mchere uja. Anawayang'ana amuna awo ndi maso achifundo kwambiri, moti a Yotamu anadzuka n'kupita kukaona mbande zimene anali ataziona kale.

Mpeni wamtengo unali wabwino, ndipo ntchito inayenda. Koma a Yotamu mtendere unawathawa. Iwo okha m'mudzi monse ndiwo ankadziwa kuti pashelefu paja pali chinthu chimene chikudikira zala za munthu. Anapita kugolosale katatu kuti akaulule. Ulendo woyamba anabwerako ndi machesi. Wachiwiri anabwerako ndi singano. Wachitatu anagula ulusi wofiira umene m'nyumba mwawo munalibe wousowa. Nthawi zonse ankabwerako osaulula, ndipo ankadzitonthoza kuti mpeni wodula chotero palibe angaugule msanga.

Ulendo wachinayi anapeza pashelefu pali mbee.

"Mpeni uja wapita, amayi?" anafunsa.

"Wapita," anatero a Namulangeni akumwetulira. "Koma wogulayo anandipempha kuti ndisamutchule. Musandikakamize."

Kuyambira tsiku limenelo a Yotamu anasanduka munthu woyang'ana manja a anthu. Kumsika, pamene anzawo ankayang'ana nsomba, iwo ankawerenga zala za ogulitsa. Kutchalitchi, anthu akamawomba m'manja, iwo ankafufuza amene wamanga kansanza. Popereka moni ankagwira dzanja la munthu nthawi yaitali, mpaka mphunzitsi wina anafunsa ngati ayamba zoombeza. N'zoseketsa, inde, koma munthuyo ankazunzika. Anayang'ana manja a mudzi wonse, kupatula manja amene ankawapatsa madzi osamba tsiku ndi tsiku.

Sanazindikirenso kuti thadzi lamawanga la a Nangozo, limene linkaikira mazira kuposa nkhuku zonse, silikuonekanso pabwalo.

Tsiku lomwe anamaliza kumezanitsa mbande zomaliza, a Nangozo anatsogola kupita kunyumba, akuti akatereke madzi. A Yotamu anatsala akuthirira. Dzuwa lili paliwombo anatulukira kuseri kwa nkhokwe, ndipo anaona akazi awo atakhala pakhonde, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, mzimbe uli pamwendo. Ankafuna kuwasendera amuna awo mzimbe ndi mpeni umene a Yotamu anausiya chifukwa cha mchere, umene iwo anaugula atagulitsa thadzi lija, kenaka awapatse zonse ziwiri. M'dzanja mwawo munang'anima chigwiriro chakuda cha mizere yoyera.

"A Nangozo, siyani!"

Mawu anachedwa. Mfundo ya mzimbe ndi yolimba, ndipo a Nangozo anali atakanikiza kale ndi mphamvu. Mpeni unapindika n'kutsekera zala ziwiri za dzanja lamanja.

A Yotamu anang'amba malaya awo, anamanga dzanjalo, anawakweza akazi awo panjinga n'kuyamba ulendo wa kuchipatala. Atakwera chitunda choyamba anamva mawu ofooka kumbuyo kwawo.

"Pepani, abambo. Ndauwononga mpeni wanu. Kaya ndinaugwira molakwika."

Apa ndi pamene a Yotamu analephera kupirira. Anaimitsa njinga pakati pa msewu, ndipo osatembenuka, ananena zonse: za msomali, za phulusa ndi ndimu, za funso la a Namulangeni, za mchere. Misozi inkagwera pahandulo. Atamaliza, a Nangozo anati, "Palasani njinga, magazi akutha. Zinazo tikakamba." Kuchipatala anawasoka. Chala chapakati chinapola bwino, koma cha mkombaphala mtsempha unaduka, ndipo sichinapindikenso.

Patapita masiku atatu, a Nangozo anati, "Ine ndamva. Koma pali wina amene sanamve." Anapita onse awiri kugolosale, mwamuna patsogolo, mpeni uli m'manja. A Yotamu anagwada pansi pafupi ndi dengu lija n'kuulula. A Namulangeni anapempha dzanja la a Nangozo, analipapasa pamwamba pa bandeji pang'onopang'ono, ndipo misozi inatuluka m'maso awo oyerawo.

"Ndinamva fungo la ndimu tsiku lija," anatero. "Ndinamvanso mafuta a makina. Mphuno yanga inati mpeni walawa, pakamwa panu panati sunalawe. Ndinasankha pakamwa panu, a Yotamu, chifukwa ndinakuonani mukukwawa maso anga adakali bwino. Ndiye taonani, ndi dzanja langali ndinaupereka kwa mwana uyu, ndikusekerera, ndikuti ndikuthandiza chikondi."

"Ndikhululukireni, amayi."

"Mukanati walawa, ndikanakudyani? Ndikanauponya m'dengumu, mmisiri wa zidebe akanaukonza, ndipo wogula akanadziwa chimene wagula. Anthu akanakusekani masiku awiri basi."

Mayiwo anafufuza mutu wa a Yotamu ndi dzanja, n'kuusisita ngati wa mwana.

"Munkayesa mwachisiya pashelefu panga. Choipa sichikhala pashelefu, mwanangu. Chimadziwa njira ya kwawo. Choipa chitsata mwini."

Amene anali pakhonde la golosale anamva mawuwo, ndipo anapita nawo kumsika, kuchigayo, kumaliro, mpaka anafika kwa inu.

A Nangozo sanathenso kumanga mitengo monga kale. Chaka chotsatira anakhala pachitsa m'nazale n'kumawaphunzitsa amuna awo kumanga, akuwadzudzula kuti zala zawo zili ngati mizu ya chinangwa. Mitengo yambiri inafa chaka chimenecho. A Yotamu anaphunzira ndithu, ngakhale sanafikepo pa luso la akazi awo, ndipo munthu akayamika manachesi awo ankayankha kuti, "Mukanadya a kale, omanga a Nangozo." Ankawatungiranso akazi awo ulusi pasingano ndi kuwamangira mpango kumutu mpaka ukalamba, osadikira kupemphedwa. Ine ndinawaona a Nangozo atakalamba. Akamaloza chinthu ndi chala chowongokacho ankaseka n'kumati ndi chala chokhacho m'mudzi muno chimene sichidziwa kukhota.

Ndiye mukamati "choipa chitsata mwini," dziwani chimene mukunena. Mwambiwu ukutanthauza kuti cholakwa chimene wachibisa n'kuchikankhira kwa ena sichitayika. Ungachitsuke ndi phulusa, ungachipake mafuta, ungachibwezere m'bokosi, chimabwerera kwa amene anachichita. Ndipo chowawa n'chakuti pobwerapo sichisankha khomo lolowera. Kawirikawiri chimadzera mwa munthu amene umamukonda, chifukwa ndiye amakhala pafupi nawe. Choncho mukabweza chinthu kusitolo, kapena khasu kwa mnansi, kapena buku kwa mnzanu, ndipo akufunsani ngati chili bwino, nenani chilema chake. Manyazi a masiku awiri amatha. Chala cha a Nangozo sichinapindikenso.