Nthudza ya Pamanda a Mwamuna wa Njiwa

Kalekale, nyama zikadayankhula, mwamuna wa Njiwa adamwalira m'nyengo ya mvula. Nguluwe, yemwe ankakumba manda a nyama zonse, adamuika pakati pa tchire. Tchire la mvula mukulidziwa, ana inu, silichedwa kukwirira njira. Choncho Njiwa adabzala nthudza kumutu kwa manda, kuti ikamafiira masika azipadziwa pomwe pagona mwamuna wake. M'dziko lonselo munalibe nthudza ina.

Mtengo udakula, nubereka. Njiwa sankadyako ngakhale imodzi, pakuti zipatso zapamanda sizidyedwa.

Tsiku lina kudabwera Nyani, mwana ali kumsana. Nthudza zinali zobiriwira.

"Zikomo mayi, ndilaweko," adatero Nyani.

"Pepani mnzanga, pano mpamanda. Pagona bambo a kwathu."

"Akufa sadya," adatero Nyani, nathyola nthambi imodzi.

Adabweranso nthudza zitafiira, mtengo wonse uli psuu.

"Pepani mnzanga, pano mpamanda," adateronso Njiwa. "Masuku ali kutsidyaku."

"Masuku ali kutali," adatero Nyani, nathyola nthambi zonse za m'munsi. Zinali zisanapse, zidammata m'kamwa, koma adameza ndi nthanga zomwe. Mkazi ameneyu manyazi analibe.

Kachitatu adabwera nthudza zitada bii, zitapsa. Zotsala zinali kunsonga, paminga. Njiwa adatera pansi, nagwada.

"Chonde mnzanga, inunso ndinu mayi. Mukauwononga mtengowu, ndidzawapeza bwanji?"

Nyani adaukoka mtengo, naugwedeza, mpaka udazuka ndi mizu yomwe. Adaukhwekhwereza kumthunzi, nadya mpaka kukhuta. Kenaka adayendayenda m'nkhalango monse, nthanga zija akuzisiya paliponse pomwe wadzithandiza.

Moto wolusa udadutsa. Mvula idagwa, tchire lidamera, mtumbira udafafanizika. Patapita zaka, masika ena, Njiwa adaona nthudza itafiira ndipo adayesa kuti wawapeza manda aja. Atacheuka adaona ina. Kutsogolo ina, kuphiri ina, kudambo ina. Ine pamenepa ndimamva chisoni kwambiri. Adatera pamtengo uliwonse akulira kuti, "Ali kuti? Ali kuti?" Nguluwe adamuthandiza kufunafuna, koma manda sadapezeke.

Chaka chomwecho mwana wamng'ono wa Nyani adadwala, namwalira. Nyani adamunyamula, napita kwa Nguluwe.

"Agogo, ndaferedwa. Ndikumbireni manda."



"Pepani mayi, maliro ndi owawa," adatero Nguluwe. "Koma ndikakumba, chizindikiro mudzaikapo chiyani? Mtengo? Kuti wanjala adzauzule?"

"Ndinali ndi njala," adatero Nyani motsitsa mawu.

"Masuku analipo. Mundionetse kaye pomwe pagona mwamuna wa Njiwa, khasu langa lili pomwepa."

Nyani adayang'ana nkhalango. Paliponse panali nthudza zofiira, zonse zobzala yekha. Adamukumbatira mwana wake wozizirayo, nayamba kuyenda.

Mpaka lero, nyani mwana wake akamwalira amamunyamula masiku ambiri, kusowa pomuika. Nayo njiwa ikadalira m'mitengo, kufunsa funso lomwe lija.

Mukaona chinthu chimene mnzanu akusunga chifukwa cha chisoni, musachikhudze, ngakhale chikhale chokoma m'maso. Tsiku lina mudzafuna polirira inunso.

Nthano yanga ndaitula pamenepa.