Kachisi Amene Anathera Pamoto

Kalekale, pamudzi wina wa m'tsinde mwa phiri, anthu opemphera analibe kachisi. Madzulo ankasonkhana pabwalo, aliyense ndi chikuni chake. Asanapemphere ankaitanana mayina. Wina akapanda kuyankha, moto suzima, nyimbo sileka, mpaka mwini dzina atatulukira.

Pamudzipo panali mwamuna wina, Chidzanja, amene sankatha kukhazikika. Akakhala, waimirira. Akaimirira, wasuzumira kuphiri. Ankadandaula kuti utsi ndi womwewo, nyimbo ndi zomwezo, ndipo mawu a mkazi wake Nasibeko, amene ankayambitsa nyimbo, ali ngati a mbuzi yokodwa m'chingwe.

"Kakwatireni mbalame tsono, bambo a Tiyese," ankatero Nasibeko.

Chaka china anthu anadula nsichi ndi phaso zoti amangire kachisi, naziunjika pambali pa bwalo. Koma Chidzanja anali atamva kuti kuseri kwa phiri kuli moto waukulu, wa anthu odziwa kupemphera. Tsiku lina m'nyengo yozizira analawirira osatsanzika.

Anayenda, anayenda. Anaona utsi, nathamangira. Anali alenje, akutentha tchire. Anayenda, anayenda. Anaona utsi wina, nathamangiranso. Anali otentha makala, ndipo sanamupatse ndi moni womwe. Dzuwa litapendeka nkhungu inatsika, njira inasowa. Mphepo inamulowa m'mafupa. Fisi analira kumanzere, mnzake anavomera kumanja. Chidzanja anayesa kuimba kuti alimbe mtima, koma mawu onse amene ankawadziwa anali oyankhira. Woyambitsa panalibe.

Kumudzi anaitana dzina lake. Zii. Anaitananso. Zii. Zikuni za tsikulo zinatha, zophikira mawa zinathanso. Anthu anayamba kuyang'anana. Nasibeko sanapemphe kanthu kwa munthu, anangokweza nyimbo, mawu atasasa kale. Pamenepo a Kalilombe, amene ankatsogolera mapemphero, ananyamuka, nasolola nsichi imodzi pamulu paja, naiponya pamoto. Wina anasolola ina. Winanso ina.

Uko kuphiri, Chidzanja anaona kanthu kofiira kakuphethira m'nkhungu. Anakwawa, anagwa, anadzuka. Kanthu kaja kanakula. Kenako anamva mbuzi yake ija ikulira, ndipo anayankha nyimboyo, misozi ili chuchuchu.

Atafika pabwalo, pamene panali mulu paja panalibe ndi kamtengo komwe.

"Mitengo ya kachisi ija ili kuti?" anafunsa, mano akugundana.

"Ndi imene mukuothayi," anatero a Kalilombe. "Mitengo ikaphukanso kuphiri. Nanga inuyo tikanakakudulani kuti?"

Nasibeko anasendera, namusiyira malo pamphasa. "Khalani pansi."

Ndipo Chidzanja anakhala.

Nthano yanga yapsera pomwepa, phulusa lake nali: moto wa kwanu ungafuke utsi bwanji, ndiwo umadziwa dzina lanu.