Yasimini wa Malemu Zakia

Pamwamba pa nyumba ina yosanja ku Shubra, pakati pa thanki ya madzi ndi khola la nkhunda, panali mphika waukulu wadothi. Mumphikamo munali yasimini wa malemu mayi Zakia. Sanali yasimini wamba amene maluwa ake amatungidwa pa ulusi n'kumagulitsidwa pa maloboti. Masamba ake anali ndi mizere yoyera ngati wina wawalemba ndi laimu, ndipo duwa lake linkatuluka lopindana katatu, lofiirira m'mphepete m'mawa, pofika masana n'kuyera mbee. Mayi Zakia anabwera naye kuchokera kwawo ku Rashid tsiku la ukwati wawo, monga momwe amayi awo analandirira kwa agogo. Kubanja kumeneko mwana wamkazi salowa m'nyumba ya mwamuna chimanjamanja. Mapoto ndi zofunda zimatsogola, koma mkwatibwi mwini amakwera masitepe atakumbatira mphika wa yasimini ameneyu.

Amuna awo, a Shukri, anali telala wopuma ntchito. Mawu ankawatulutsa ngati munthu wodula nsalu ya mwini: pang'onopang'ono, atayeza kawiri. Zaka makumi atatu za banja lawo mkangano unali umodzi wokha, wa sizasi. Febuluwale aliyense mayi Zakia ankadula nthambi za yasimini, kuzikulunga m'nyuzipepala yonyowa, n'kumagawira aliyense wotambasula dzanja. Zotsala ankapita nazo ku chionetsero cha maluwa cha ku Giza. A Shukri ankawaperekeza, koma ankathera pageti, kapu ya tiyi ili m'manja, nkhope ili ndwii.

"Udzaumaliza mtengowu," ankatero pobwerera.

"Mtengo wosadulidwa umakalamba msanga," mayi Zakia ankayankha, "ngati mwamuna wosaseka."

Mayi Zakia atamwalira, a Shukri anaika sizasi ija m'dirowa ya makina osokera n'kukhoma. Chaka chotsatira mayi Mufida, a pa khomo loyandikana nalo, anawapeza padenga akuthirira.

"A Shukri, ndithyolereniko kanthambi kamodzi. Uja anandipatsa mnzanga Zakia anadyedwa ndi nkhosa ya Idi, yomwe bambo a kwathu anaimanga padenga pano ndi chingwe chovunda."

"Ayi."

"Ayi basi? Ngakhale kunamizira kuti mwina mawa?"

"Ayi."

"Mulungu akupatseni moyo wautali," anatero mayi Mufida akutsika, "kuti mwina mudzaphunzire mawu achiwiri."

Tsiku lomwelo a Shukri anagula mphasa ziwiri n'kutchinga mphikawo mbali zonse ndi pamwamba pomwe, kuti maso a kaduka asamaugwere. Ankathirira m'mawa, ankathirira madzulo, ndipo akawasowa akazi awo masana ankathiriranso. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Rasha, yemwe ankagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, anayesa kuwatsina khutu kuti amayi sankachita choncho. Iwo anangopitiriza kudzaza chitini.

Zinayenda motero zaka zitatu. Yasimini anatalika, n'kuonda, n'kusiya kuchita maluwa. Kenaka kunawomba mphepo yafumbi ya m'chipululu masiku awiri, ndipo itadutsa masamba onse anali pansi. A Shukri anakanda tsinde ndi chikhadabo: m'kati munali mouma gwa. Anakoka pang'ono, mtengo wonse unazuka ngati dzino lovunda, mizu ili bii, ikununkha. Kunali kutatsala milungu isanu ndi umodzi kuti Rasha akwatiwe ndi Hazem.

Anatola tsamba limodzi, naliika m'kachikwama ka chiphaso chawo. Anamanga mphasa zija ndi waya kuti wina asaone, natsika.

"Ababa," anatero Rasha akuwaikira nyemba ndi buledi patebulo, "Hazem wakonza kale malo pakhonde la nyumba yathu. Akuti mphika wa amayi uzidzaona dzuwa la m'mawa."

"Chabwino," anatero a Shukri.

Ku Rashid kunalibenso woti n'kumufunsa, poti nyumba ya makolo inagulitsidwa kalekale ndipo pamalopo panamangidwa mashopu. Anthu amene mayi Zakia ankawagawira nthambi, a Shukri sankawadziwa ndi mmodzi yemwe, chifukwa nthawi ya kugawako iwo ankayang'ana kumbali. Chinatsala n'chimodzi: inali nyengo ya zionetsero, pamene anthu a nazale amatulutsa zomera zawo zosowa. Anamuuza Rasha kuti akukafuna nsalu ya suti, nanyamuka.

Anayambira ku Maadi, pa kachionetsero ka m'bwalo la kalabu ina. Sankalonjera zambiri. Ankangotulutsa tsamba lija, kuliika patebulo, n'kudikira.

"Ameneyu ndinali naye dzulo lomweli, bwana," anatero wogulitsa wina asanaliyang'ane n'komwe. "Koma tengani uyu wochokera ku Thailand. Akachita maluwa, apongozi anu adzakomoka."

A Shukri anatola tsamba lawo.

Sabata yotsatira anakwera sitima kupita ku Alexandria. Kumeneko, pa tebulo lakumapeto, anaona yasimini wa masamba a mizere yoyera. Mtima unagunda ngati makina osokera. Sanafunse kanthu, sanatsitsitse n'komwe, anangogula n'kumufungatira ulendo wonse. Atafika pa siteshoni ya Ramses anamuwaza madzi a m'botolo kuti atsitsimuke, ndipo mizere yoyera ija inatsetsereka n'kudonthera pa nsapato zawo. Inali laimu weniweni. Anausiya mphikawo pa benchi, napita kwawo wapansi, kuti mkwiyo uthere m'njira.

Kunatsala Giza. A Shukri ankakuzemba dala, poti kumeneko kunali kwa Zakia. Anazengereza mpaka chionetsero chinatsala ndi masiku awiri, ukwati milungu iwiri. Lachinayi m'mawa anavala jekete yawo yotuwa, nakwera basi. Pageti anaima nthawi yaitali ndithu, pamalo pomwe ankaima zaka zonse zija. Kenaka analowa, koyamba m'moyo wawo.

M'kati munali anthu ngati nyerere pa shuga. Kutsogolo kunali mahema akuluakulu a maluwa owala, amene anthu amagula lero n'kufota mawa. Anayenda mzere ndi mzere, tsamba lili m'manja, mitu ikungopukusidwa. Dzuwa litafika pamutu anapezeka kumapeto kwenikweni, m'mbali mwa mpanda, kumene kumakhala anthu a tinazale ting'onoting'ono: wina wa zomera zaminga zokhazokha, wina wa mandimu a mitundumitundu, wina wa maluwa akale amene agogo ankadzala. Kumeneko kunalibe zikwangwani kapena nyimbo. A Shukri anakhala pa njerwa kuti mawondo apume.

Mphuno ndi imene inayamba kuzindikira. Fungo lija linawapeza pomwepo, fungo la padenga m'mawa, Zakia akuyanika zovala. Anatembenuka. Kuseri kwa tebulo lina, pa mpando wakewake ngati mlendo wolemekezeka, panali mphika, ndipo mumphikamo yasimini wonenepa, masamba a mizere yoyera, maluwa ali mbuu. Pa tsinde panapachikidwa kachikatoni: Wosagulitsa.

Mwini tebulo anali bambo wonenepa wa dazi, kamtanda kobiriwira kodindidwa padzanja. Dzina lake linalembedwa pa thabwa: Wadie, nazale ya ku Qanater. A Shukri ananyowetsa chala ndi malovu n'kutikita tsamba limodzi. Mzere woyera sunasunthe.

"Akulu, akulu! Kuona n'kwaulere, koma manja m'thumba. Mukumutikita ngati ndi mwana wanu bwanji?"

A Shukri anaika tsamba louma lija pambali pa lamoyo. "Ndigulitseni."

"Magalasi mwaiwala kunyumba? Palembedwa apo. Ameneyu ndi mayi. Ana ake ndinabwera nawo makumi awiri, anatha sabata yoyamba. Munthu wa nazale akagulitsa mayi, chaka chamawa adzagulitsa chiyani, thalauza lake?"

"Tchulani mtengo."

"Ngakhale mutandipatsa nyumba ya kwa olemera ku Zamalek ndi mlonda wake. Anabwera kuno dokotala wina ndi galimoto yaitali ngati sitima, anabwerera chimodzimodzi. Khalani pansi mumwe tiyi, mtima uzizire."

A Shukri sanakhale. Anayang'ana maluwa aja. "Munamutenga kuti?"

"Ameneyu? Sindinamugule, ndinapatsidwa. Papita zaka khumi ndi ziwiri. Mayi wina wamfupi wa ku Shubra, wa chikwama chobiriwira, anaima pomwe mwaimapo, n'kunyoza yasimini wanga yense kuti ndi udzu. Kenaka anatulutsa tinthambi titatu m'nyuzipepala yonyowa. Tiwiri tinafa, kamodzi ndi kameneka. Chaka chilichonse ankabwera kudzamuona, koma sankakhalitsa. Ankati, 'Ndifulumire, bambo Wadie, ndasiya amuna anga pageti, aima ngati chipilala cha magetsi, mwina agalu ayamba kale kuwazungulira.'" Wadie anaseka mpaka kutsokomola. "Zaka zitatu tsopano sindinawaone. Kaya chipilalacho chinawaletsa."

"Chipilalacho ndine," anatero a Shukri.

Kuseka kuja kunaduka. Wadie anayang'ana jekete yotuwa, nayang'ana tsamba louma lili patebulo, ndipo anamvetsa popanda kuuzidwa.

"Mulungu awachitire chifundo," anatero motsitsa. Anatambasula dzanja n'kutembenuza kachikatoni kaja. Kuseri kwake kunalembedwa ndi pensulo: Zakia wa ku Shubra. "Ndinafufuza m'mabuku onse, dzina lake sindinalipeze. Ndiye ndinamutcha la mwini wake."

Apo a Shukri anakhala pa mpando umene anaukana uja. Anayankhula mawu ambiri kuposa onse amene anayankhula zaka zitatu: za sizasi, za mphasa, za mizu yovunda, za Rasha ndi khonde limene likudikira. Wadie anamvetsera atagwira dazi lake.

"Mphasa pamwamba? Madzi katatu patsiku? Akulu, munkaweta yasimini kapena mvuu? Zaka zitatu osamudula! Mtengo umenewu umafuna dzuwa, mphepo ndi sizasi. Inu munaupha ndi chikondi cha m'ndende."

"Ndikudziwa."

"Mayi uyu sindikupatsani, musayang'ane n'komwe." Anawerama, n'kukoka bokosi limene linali pansi pa tebulo, lovundikiridwa ndi chiguduli chonyowa. Munali timiphika tiwiri, m'kalikonse muli kayasimini ka zaka ziwiri, kena kali ndi mphukira ya duwa. "Awa sindionetsa anthu. Ife a nazale sitisunga mtundu m'mphika umodzi. Mayi akadwala, awa ndiwo olowa m'malo. Kunazale kwatsala ena awiri. Tengani. Wina wa mkwatibwi, wina wa padenga."

A Shukri anapisa dzanja m'thumba la jekete.

"Mukatulutsa chikwamacho ndibweza bokosi pansi. Munthu sagula chake. Ine ndimangosunga." Wadie anawaloza ndi chala. "Koma Febuluwale akubwerayu mudule, ndipo chionetsero chikatsegulidwa mubwere nazo nthambi kuno. M'kati muno, osati pageti."

A Shukri anakwera basi timiphika tili pamiyendo, ndipo mpweya umene anautulutsa atakhala pansi unali ngati wa munthu amene watula thumba la simenti pa nsanjika yachisanu. Kunyumba anapeza Rasha akusita. Anaika timiphika patebulo, naima chilili, akufunafuna poyambira.

"Mwana wanga, yasimini wa amayi ako..."

"Anauma. Ndikudziwa, ababa. Ndinasuzumira pa mphasa milungu itatu yapitayo." Rasha anazimitsa simbi. "Ndinakalirira kwa mayi Mufida kuti inu musandione. Ndimadikira kuti mundiuze nokha. Ndiye nsalu ya suti ija ndi imeneyi?"

Anawerama, naona mizere yoyera, naitikita ndi chala monga anachitira bambo ake. Atamva kumene yasiminiyo wachokera ndi zonse zimene Wadie ananena, anakhala pansi n'kuphimba nkhope, mapewa akugwedezeka, osadziwika ngati akulira kapena akuseka.

"Chipilala cha magetsi," anatero pomaliza. "Amayi analidi ndi pakamwa."

Tsiku la ukwati Rasha anakwera masitepe a nyumba yake yatsopano atakumbatira mphika, duwa limodzi litatsegula, lofiirira m'mphepete. A Shukri anabwerera ku Shubra, nakwera padenga, nachotsa mphasa zija n'kuzipereka kwa mwini nkhunda.

Febuluwale atafika anatsekula dirowa ya makina. Sizasi inali itachita dzimbiri pang'ono, anaipaka mafuta. Kanthambi koyamba anakakulunga m'nyuzipepala yonyowa, nakagogoda pa khomo loyandikana nalo. Mayi Mufida anatsekula, nayang'ana kaphukusiko, nayang'ana mwini wake.

"Kodi dzuwa latulukira kuti lero?"

"Nkhosa muziimanga bwino," anatero a Shukri.

"Onani, mawu atatu athunthu! Mulungu ndi wamkulu."

Zotsalazo anaziika m'chikwama chobiriwira chija, kudikira Giza. Chimene iwo anatsekera m'mphasa kuti chisathe chinawolera momwemo, koma chimene Zakia anamwaza ndi manja awiri n'chimene chinabwerera kudzaperekeza mwana wake ku banja. Akuluakulu sananame: kupatsa n'kuika.