Zitsa za Pansi pa Nyanja

A Laison Kamtsitsi atapuma pa uphunzitsi, adaganiza zomanga chigayo kwawo ku Kabudula. Malo amene adawakomera m'maso adali kumunsi kwa msewu, pa khwawa louma lomwe mbuzi zinkagonapo masana.

"Bambo a Tadala, pajatu mayi anga ankachapa pomwepa ine ndili mwana," adachenjeza mkazi wawo, a Benedeta.

"Zakale zimenezo. Mtsinje uwu udafa, maliro ake tidalira kale," adayankha iwo. Adamanga basi, chigayo n'kuyamba kulira.

Patapita zaka zingapo, mwana wawo Tadala, yemwe ndi namwino kutsidya kwa nyanja ku Wales, adabereka. A Benedeta adati ndege ndi iwo n'zosayenderana, choncho a Laison ndiwo adapita kukaona mdzukulu, kuno mvula itangoyamba.

Dera lomwe Tadala amakhala ndi Ceredigion, lomwe kalekale lidali ufumu paokha. Choyamba kuwadabwitsa chidali kumva azungu akucheza m'chinenero chawochawo, choti iwo, mphunzitsi wa Chingerezi, sadatolepo liwu n'limodzi lomwe. Tsiku lina namondwe atangoleka, mayi wachikulire woyandikana nyumba ndi Tadala, a Margret, adatengera a Laison ndi mwana wawoyo ku gombe la Borth.

Nyanja idali itaphwera, monga imachitira kumeneko tsiku lililonse, ndipo mafunde adali atakokolola mchenga. Pamene a Laison ankayembekeza kuona matope, adaona zitsa. Zitsa zakuda bii, mizu ili yangayanga, zitandanda mpaka kumene maso adalekeza. Adavula chipewa ngati afika pamanda.

"Kodi mitengo imamera m'nyanja kuno?" adafunsa motsitsa mawu.

"Iyi idali nkhalango, bambo," adatero a Margret m'Chingerezi. "Odziwa amati papita zaka zoposa zikwi zinayi. M'dothi lomweli adapezamo ndi mapazi a anthu."

A Laison adagwada n'kugwira chitsa chimodzi. Chidali chozizira, koma mizere ya mtengo inkaoneka bwinobwino, ngati nkhwangwa yadutsapo dzulo.

"Makolo athu ali nayo nthano yake," adapitiriza mayiwo, akuloza kumene madzi adachita mdima. "Amati uko kudali dziko lachonde, la midzi ndi minda, koma lotsika kuposa nyanja. Adalitchinga ndi khoma lokhala ndi zipata. Tsiku la phwando mlonda adaledzera, zipata osatseka. Mpaka lero ena amati kukakhala bata amamva mabelu akulira pansi pa madzi."

A Laison adatchera khutu. Sadamve belu. Nyanja idali itayamba kubwerera, phee, yopanda ukali, ikumeza chitsa chimodzichimodzi ngati mwini munda akuyendera mizere yake.

"Ndiye kuti anthuwo ankalima pamalo pa madzi, eti?" adatero m'Chichewa. "Mlondayo angomunamizira. Tadala, ndipatse foni."

"Ababa, mwatani kodi?"

"Ndipatse, mwanawe."

A Benedeta atayankha, kumbuyo kwawo kunkamveka mvula ikuwomba malata.

"Amayi, pezani anyamata ndi ngolo. Injini ichoke m'chigayomo lero lomwe."

"Mesa mudati mtsinje udafa?"

"Udangogona. Chitani changu."

Anyamatawo adaitulutsa injiniyo mvula ikuwakhuthukira pamsana. Sabata isanathe, madzi adatsika kuchokera kumtunda atasenza mitengo ndi miyala, nalowa pakhomo la chigayo, natulukira kukhoma lakumbuyo, malata n'kupita nawo.

A Laison atabwerako adakaima pamalopo nthawi yaitali. Padangotsala simenti yapansi, madzi oyera akuyenderera pamwamba pake, ndipo amayi awiri ankachapirapo zovala akuseka. Sadadandaule. Anthu atawafunsa zomwe adakaona kwa azungu, sadatchule ndege kapena nyumba zosanja. Ankangonena za nkhalango yogona pansi pa nyanja, kenaka n'kuloza khwawalo ndi chibwano.

Akuluakulu sadaname: madzi saiwala khwawa.