Zingwe Ziwiri za M'paketi Imodzi

Kumapeto kwa mzere wa mashopu, pakati pa telala ndi mayi wokonza mafoni, panali kachipinda ka bambo wina amene anthu ankangowatchula kuti a Injiniya. Dzinali linayamba ngati chipongwe, koma eni ake analilandira ndi manja awiri mpaka analilemba pachitseko. Ntchito ankaidziwa, tisawanamizire. Chimene chinkawavuta ndi kumva za anzawo.

Mlongo wawo anali woweta nkhuku, koma chitopa chinamusesera khola lonse. Pofuna kuyambiranso, anapempha achimwene akewo kuti amupangire makina ofungatira mazira. A Injiniya anakhoma bokosi, anaikamo mababu otenthetsa ndi kafani. Chinatsala n'kulowetsa pulogalamu m'kachipu koyendetsa makinawo, kamene kamayeza kutentha n'kumayatsa kapena kuzimitsa mababu. Pulogalamuyo imachoka mu laputopu kupita m'kachipu kudzera m'chingwe chapadera.

"Kwangotsala kantchito ka mphindi zisanu," anatero a Injiniya. Mlongoyo atamva zimenezi anathamanga kukatenga mazira 120 a nkhuku zamtundu wabwino. Tsono dzira loti liswe silidikira munthu. Likapitirira sabata lisanafungatiridwe, mphamvu yake imayamba kuchepa tsiku ndi tsiku.

Chingwe chawo chakale chinali chitaduka, choncho a Injiniya anapita pabenchi ya m'mbali mwa msewu pamene amagulitsa matchaja ndi mahedifoni. Anabwerako akumwetulira, atanyamula paketi ya zingwe ziwiri zimene anazipeza pamtengo wolira. Mayi wa mafoni anawaona akudutsa.

"Achimwene, taimani kaye. Zingwe izi ndikuzidziwa, zinandisowetsapo mtendere. Kunjaku n'zokongola, koma kachipu kam'kati mwake n'kachinyengo. Zimataya uthenga panjira. Bwerekani changachi, mukamaliza mundibwezera."

"Mayi, inu zanu ndi masikirini osweka," anayankha a Injiniya. "Izi ndi zina."

Mayiyo anangogwedeza mutu n'kubwerera ku foni imene ankakonza. A Injiniya mumtima mwawo ankati ndi nsanje basi.

Analumikiza chingwe, anadina batani. Kamzere kosonyeza kuti pulogalamu ikulowa kanayenda mpaka pakati, kenako kanaima. Pasikirini panabwera malemba ofiira onena kuti kachipu ka makina sikakuyankha. Anayesanso. Ulendo uno kamzereko sikanafike n'pakati pomwe.

Tsiku loyamba mlandu unagwera laputopu, ndipo anafufuta mapulogalamu n'kuwaikanso. Tsiku lachiwiri unagwera kachipu, anakagula kena. Lachitatu anawotchereranso mawaya onse mpaka kachipindako kanadzaza utsi. Mawu a mayi uja ankawakanda m'khutu ndithu, motero tsiku lachinayi anatseka chitseko kuti asaonedwe, n'kusintha chingwe. Anatenga chinzake cha m'paketi yomwe ija. Malemba ofiira anabweranso.

"Mwaona? Chingwe chilibe mlandu," anadziuza okha mokhutira. Zinali ngati kuitana m'bale wake wa wakuba kuti adzachitire umboni.

Mlongo wawo ankabwera m'mawa uliwonse. Ankatembenuza mazira aja m'mathileyi limodzilimodzi, kenako n'kufunsa, "Achimwene, lero bwanji?" Yankho linali lomwelo: mawa. Kunyumba mlongoyo anali atasesa kale khola, atathira utuchi pansi, atatsuka zomwera za anapiye.

Tsiku la khumi ndi chiwiri mlongoyo anabwera monga mwa masiku onse. Anayang'ana mazira, anayang'ana achimwene ake amene ankakanda m'mutu patsogolo pa laputopu, kenako anatuluka. Pobwera anali ndi mayi wa mafoni.

"Ine sindinaitane munthu," anatero a Injiniya.

"Ndaitana ndine," anayankha mlongoyo. "Makinawa ndi anu, koma mazirawa ndi anga."

Mayi wa mafoni sanachulutse gaga m'diwa. Anazula chingwe ku kachipu, n'kugwirizanitsa timawaya take tiwiri takumapeto, kotumiza ndi kolandira, kuti chilichonse cholembedwa pa laputopu chipite m'chingwe n'kubwerera pasikirini. Analemba kuti "moni achimwene". Zimene zinabwerera zinali timabokosi ndi zizindikiro zosawerengeka. Anayesa chingwe chinzake chija, zomwezo. Kenako anatulutsa chake m'thumba la epuloni, chakale, chomata ndi tepi. Moni uja anabwerera wathunthu.

Anabwezera m'makina kachipu koyamba kaja, kamene a Injiniya anali atakaponya m'kabokosi ka zinthu zakufa, n'kulumikiza chingwecho. Kamzere kanayenda mpaka kumapeto mphindi isanathe. Mababu anayaka, kafani kanayamba kuzungulira. A Injiniya anasowa poyang'ana. Manyazi anawagwira mpaka zikomo anatuluka motsitsa, ngati wonong'oneza.

Mazira analowa m'makina tsiku lomwelo, ndipo makinawo anagwira ntchito bwino lomwe kwa masabata atatu. Koma masiku otayika aja sakanabwerera. Pa mazira 120 panaswa anapiye khumi ndi anayi.

Mlongoyo anabwera ndi dengu lalikulu loti anyamuliremo anapiye. Ataona mmene zinalili, anapempha telala katoni ya nsapato, ndipo onse anakwanamo, malo n'kutsala. Sanakalipe. Anangoti, "Achimwene, chithandizo chinali kuseri kwa khoma ili masiku onsewa." Mawu amenewa anawapweteka a Injiniya kuposa kutukwanidwa.

Anaima pakhomo akuyang'ana mlongo wawo akupita, katoni m'manja, dengu lopanda kanthu pamutu. Apa m'pamene anazindikira kuti mayi amene ankamuyesa wansanje uja ndiye ankawafunira zabwino. Akuluakulu sananame: wakutsina khutu ndi mnansi.