Dzenje la pa Lamba wa Apongozi

M'nyumba imeneyo munali wailesi yolira pokhapokha ukaimenya khofi, simbi yotentha mbali imodzi, ndi chitseko cha kubafa chosatsekeka. Zonsezi zinali ntchito za manja a mwini nyumba, amene mkazi wake anamupatsa dzina loti Injiniya. Iye ankalitenga ngati ulemu. Munthuyo ankagulitsa nsapato m'sitolo, koma chinthu chikangowonongeka pakhomo ankavula shati n'kuitanitsa pulayala. Kufunsa ankati ndi matenda a anthu opanda mutu.

Apongozi ake aamuna anabwera kudzakhala nawo podikira kuonana ndi dokotala wa maso. Mkuluyo anali dalaivala wa magalimoto akuluakulu wopuma ntchito, wosalankhulalankhula, ndipo ankamuyang'ana mkamwini wakeyu ngati tayala lokayikitsa. Injiniya ankalakalaka tsiku limodzi lokha loti mkuluyo anene kuti mwana wake anakwatiwa ndi munthu. Tsono mkuluyo anali ndi chuma chimodzi: lamba wachikopa amene anapatsidwa kuntchito chifukwa choyendetsa zaka zambirimbiri osagunda ngakhale nkhuku. Mutu wa lambayo unali wamkuwa, ndipo pakati pake panali nyenyezi ya timagalasi tofiira, tobiriwira ndi tachikasu, kalikonse m'kadzenje kake.

Loweruka masana mkuluyo ali mtulo, Injiniya anaona lambayo atapachikidwa kuseri kwa chitseko, mtima n'kumuyabwa. Kusitolo kunali kujambulitsa chithunzi cha antchito onse. Anamuvala mwachangu, kukaima kutsogolo atatulutsa mimba kuti nyenyezi iwale bwino. Atabwerera, anavula lambayo pawindo la kuchipinda, n'kuona kuti nsonga imodzi ya nyenyezi ilibe galasi. Panali kadzenje kakuda, kosalala m'mphepete.

Thukuta linamutsika mpaka m'masokosi. Anasecha m'matumba, anakwawa pansi pa bedi, anagwedeza nsapato. Kagalasi kanali katapita.

"Kodi inu, mukusaka chiyani ngati nkhuku?" anafunsa mkazi wake ali pakhomo la chipinda.

"Za amuna izi, mayi. Pitani mukaone mphika."

"Ngati ndi chinthu cha m'nyumba muno mwina ndikuchidziwa."

"Ndati za amuna!"

Mayiyo anangokweza mapewa n'kutuluka. Injiniya anakhoma chitseko, kuvula shati.

Choyamba anapala kadzenjeko ndi singano. Munatuluka litsiro louma gwa, loti munthu wanzeru akanadabwa kuti lalowamo liti. Iye anati ndi fumbi la mumsewu. Kenako anathyola chogwirira cha mswachi wofiira wa mkazi wake, kudula kachidutswa, kukanola pasimenti. Sikanalowe. Anakanolanso, kanachepa. Anathira guluu uja wogwira msanga, ndipo kachidutswako kanakhala chopendekeka ngati dzino la nkhalamba. Apa m'pamene nzeru zinamubwerera zambiri: akangotenthetsa mkuwawo, pulasitikiyo isungunuka n'kudzaza yokha bwinobwino. Anayatsa kandulo, kugwira mutu wa lamba ndi pulayala, kuuika pamoto.

Pulasitiki inasungunukadi, koma inachita thovu lakuda n'kununkha. Kenako kunamveka thee! Kagalasi kobiriwira kanathetheka n'kuulukira padenga. Thee! Kachikasu kanatsatira mnzake. Pozimitsa kandulo n'kuti nyenyezi yonse yasanduka chibwano cha munthu wogwa panjinga, ndipo chikopa cha m'mbali chitapsa n'kupindika.

Munthu wina akanalekera pomwepo. Injiniya anatsegula kabati ya mkazi wake, kutenga timabotolo ta utoto wa m'zikhadabo, n'kudzaza maenje onse: apa pinki, apa pepo, apa wonyezimira. Pofuna kukanikiza chikopa chopindikacho anawonjezera guluu, n'kudinikiza ndi chala chachikulu mwamphamvu zake zonse. Chalacho sichinabwerere.

"Mwanawe, lamba wanga waona?" anamveka mawu a apongozi pabalaza, akufunsa mwana wawo.

Panalibenso kothawira. Injiniya anatuluka wopanda shati, lamba akulendewera kuchala ngati njoka yomuluma. Anapeza mkuluyo ataima pakati pa balaza, dzanja limodzi litagwira thalauzi kuti lisagwe.

"Bambo, ndilankhule," anayamba. "Ndinabwereka lamba wanu. Kagalasi kamodzi kanagwa. Ndiye ndimati ndikakonze musanadzuke."

Mkuluyo anayandikitsa maso ake odwalawo pafupi ndi chala cha mkamwini. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Kofiira ka kumanzere?"

"Komweko, bambo."

Mkazi wa Injiniya anakhala pansi, atagwira pakamwa.

"Kameneko sikanagwe lero," anatero mkuluyo. "Anakameza mkazi wakoyu akumera mano. Ndinangofika kuchokera paulendo, ndamunyamula pamiyendo, iye n'kumaluma lamba. Ine ndi malemu mayi ake tinasinthana kulondera matewera ndi kamtengo m'manja. Sitinakaonenso. Mwina akadali nako."

"Aa, bambo inu!" anatero mwana wawo, kuseka ndi kulira zitasakanikirana. Anatembenukira kwa mwamuna wake. "Nkhani imeneyi ngakhale mphaka wa kwathu amaidziwa. Si paja ndinakufunsani?"

Mkuluyo sanaseke. Anasisita ndi chala pamene panali kadzenje paja, pomwe tsopano panali chotupa cha pulasitiki yopsa.

"Okonza mawotchi ambiri anandiuza kuti andiikirapo kena, ndinkakana. Ndikakhala kutali, tulo tikundivuta pa chiwongolero, ndinkaika chala apa n'kukumbuka kuti kunyumba kuli kamwana kondidikira. N'chifukwa chake sindinagunde kanthu. Dzenje limenelo ndiye linali lamba."

Injiniya anamva manyazi amene sanawamvepo chibadwire. Analakalaka mkuluyo akanamutukwana, koma iye anangopempha mwana wake kuti amupezere chingwe chomangira thalauzi.

"Lambayo tenga," anauza mkamwini wake potuluka. "Wakukonda, taona sakufuna kukusiya."

Mayiyo anaviika dzanja la mwamuna wake m'beseni la madzi ofunda ndi sopo, n'kumasula chalacho pang'onopang'ono, khungu lina n'kutsalira pachikopa. Lolemba m'mawa mkuluyo anapita kwa dokotala atamanga m'chiuno chingwe choyanikira zovala, ndipo Injiniya anamuperekeza akuyenda m'mbuyo, maso ali pachingwecho njira yonse. Funso limodzi lokha, kwa munthu amene amagona naye chipinda chimodzi, likanapulumutsa nyenyezi, mswachi ndi ulemu womwe. Koma akuluakulu ananena kale: safunsa anadya phula.