Nasikelo ndi Matemba a Pansi pa Thumba

Kalekale, mphwanga, thonje likadapita kumsika pa ngolo za ng'ombe, pa Thundu panali mayi wina wogulitsa nkhuni. Dzina lake anali Nasikelo.

Mayiyu sankadziwa kukhala pansi. M'mawa yakaliyakali kuthengo. Masana yakaliyakali kumsika. Akati akhale pamkeka, mwendo unkagwedera wokha. Mwamuna wake anali atamwalira, ana ake atapita kutauni, ndipo nyumba yopanda mawu inkamuluma.

Tsiku lina akutola nkhuni anamva kulira. Miyawu! Miyawu!

Anayang'ana mumtengo, munalibe kanthu. Anayang'ana pachulu, panalibe kanthu. Anasuzumira m'khwawa, n'kuona thumba lomanga kukamwa likugubuduka lokha.

Anatsika, n'kumasula. Munali mphaka wamkazi wa khutu limodzi ndi tiana take tiwiri.

"Wakumangani ndani?" anafunsa Nasikelo.

"Yemwe tinkamugwirira makoswe," anayankha mphakayo. "Makoswe atha. Lero akuti ndife ziweto za mfiti."

"Tiyeni kwathu."

Anawasenza pamwamba pa mtolo wa nkhuni. Mayi wa tianato anamutcha Khutulimodzi. Kamwana kotuwa anakatcha Phulusa. Kamawangamawanga anakatcha Kanjiwa.

Kuyambira tsiku limenelo maso a Nasikelo anatseguka. Akapita kudzala, apeza mphaka wotayidwa. Akapita kumlatho, apeza wothyoka mwendo. Akapita kuseri kwa chigayo, apeza wothiridwa madzi otentha. Onsewo ankawanyamula m'chitenje, akuimba:

Pusi iwe, usalire,
Wakutaya wapita kale,
Kwathu kuli khola, tiye.

Khola lakale la mbuzi linadzaza. Amphaka anakwana khumi ndi anayi. Anthu ankaseka podutsa.

"Nasikelo waweta ng'ombe zolira miyawu!"

Iye ankangopitiriza ntchito yake. Analibe nthawi.

Koma kutola n'kwina, kudyetsa n'kwina. Mbewa za pafupi zinatha msanga. Amphaka akati akasake kunyumba za eni, ankakumana ndi miyala. Onse anayamba kuyang'ana dzanja la Nasikelo.

Nasikelo anaphika phala la madeya, n'kukhuthulira m'phale.

"Mayi," anatero Khutulimodzi, "madeya ndi a nkhuku."

"Idyani, ndachedwa!"

Tsiku lotsatira anabwera ndi nyemba zotsala, za mchere ndi anyezi.

"Mayi, anyezi amatiyamwa magazi."

"Idyani, ndachedwa!"

Tsiku linanso anapempha mkaka wa ng'ombe. Amphaka ananyambita, onse n'kutsegula m'mimba.

"Mayi, taonani mano athuwa. Awa ndi mano a nyama."

Koma Nasikelo anali atafika kale kumseu.

Mwezi unatha. Tsiku lina polowa m'kholamo anaima. Anaona nthiti. Anaona ubweya ukuthothoka ngati udzu wa denga lakale. Phulusa ndi Kanjiwa, amene ankakonda kulimbirana nsonga ya chitenje chake, anangomuyang'ana ali chigonere.

Nasikelo anamanga chitenje m'chiuno.

"Nyama! Mwati nyama? Dikirani."

Linali tsiku la msika. Anathamangira kwa wopha mbuzi.

"Ndigawireniko zam'mimba zotsala."

"Za amphaka? Anthu akulimbirana zomwezi, amayi."

Anathamangira kwa amayi ogulitsa mazira. Anamuseka. Anathamangira kwa wootcha nkhuku. Anamulozera njira. Dzuwa linafika paliwombo, thukuta kamukamu, m'manja mulibe kanthu.

Kumapeto kwa msika kunali wamalonda wina wobwera, a Kamtedza. Iwo ankagulitsa matemba ouma m'matumba akuluakulu. Matemba awo anali oyera, osafumbwa, osathyoka. Pa mabenchi ena onse a nsomba ntchentche zinali ng'waa. Pa benchi la a Kamtedza panalibe ngakhale imodzi.

"Amayi, mwazungulira kokwanira," anatero a Kamtedza. "Tengani za pansi pa thumbali. Timitu, timichira, fumbi lake lomwe. Ndikufuna thumba langa lipepuke."

"Zaulere?"

"Zaulere."

Nasikelo sanafunse kawiri. Anayala chitenje, anawola, anamanga, liwiro ulendo wa kunyumba.

Anakhuthulira m'phale. Amphaka onse anadzuka. Koma Khutulimodzi anafika poyamba. Ananunkhiza, n'kubwerera m'mbuyo. Ananunkhizanso, ubweya wa pamsana n'kuima.

"Mayi, nunkhizani kaye."

"Ndinunkhize chiyani? Nsomba imanunkha nsomba."

"Mayi, ntchentche ili kuti? Mwayenda nazo kuchokera kumsika, palibe yakutsatani."

Apa Nasikelo anapsa mtima. Miyendo inkamuwawa.

"Madeya mwakana. Nyemba mwakana. Mkaka mwakana. Lero ndakupezerani nsomba, mukuwerenga ntchentche? Matama amenewo nkuona anakumangirani m'thumba!"

Anatola ndowa n'kupita kumjigo.

Khutulimodzi anaima pamwamba pa phale. Uyu akabwera, amukanda. Uyo akabwera, amuluma khutu. Wa kumanja, mbama. Wa kumanzere, mbama. Koma mphaka mmodzi angatseke bwanji njala ya amphaka khumi ndi atatu? Akulimbana ndi akuluakulu kutsogolo, tiana take tomwe tinalowa pansi pa mimba yake. Phulusa anadya. Kanjiwa anadya kwambiri.

Nasikelo pobwera ndi madzi anapeza m'khola muli zii. Akuluakulu aja anali atathawa zikhadabo za Khutulimodzi osadya, koma tiana tiwiri tija tinali pansi. Dovu lili chuchuchu. Timiyendo tili njenjenje. Maso atachepa ngati njere za mpiru.

Ndowa inagwa.

Anagwada, n'kutola phale lija, n'kuliyandikiza kumphuno. Pansi pa fungo la nsomba panali fungo lina. Ankalidziwa. Linali fungo lomwe linkatsalira m'malaya a malemu mwamuna wake akachokera kopopera thonje.

"Mayo ine! Ndapha ana!"

"Kulira pambuyo," anatero Khutulimodzi. "Kwirirani phalelo. Nyamulani ana anga."

Nasikelo anavundikira phale ndi mtondo. Anakulunga tianato m'chitenje. Kutsidya kwa mtsinje kunali dibi losambitsirako ng'ombe, ndipo woyang'anira dibilo, a Gwedeza, ankadziwa kuchiza ziweto. Kumeneko ndiko analunjika, Khutulimodzi ali pambuyo pake.

Panjira anakumana ndi mayi wosenza udzu.

"Amwetseni mkaka!"

Nasikelo anachepetsa liwiro.

"Musaime," anatero Khutulimodzi.

Anakumana ndi bambo wokankha njinga.

"Athireni mafuta ophikira kukhosi, asanza!"

"Musaime," anatero Khutulimodzi.

Anakumana ndi gulu la anthu osewera bawo pamthunzi.

"Tayani m'madzimo, amayi! Mphaka n'chiyani?"

Apa Nasikelo sanadikire kuuzidwa. Anawoloka mtsinje madzi akumufika m'mawondo.

A Gwedeza anali akutsuka zitsulo zawo.

"Adya chiyani?"

"Matemba a mankhwala a thonje."

"Liti?"

"Posachedwapa."

"Mwawamwetsa kanthu panjira?"

"Ayi."

"Mwachita bwino. Mukanawatsamwitsa."

Anatenga Phulusa, anamubaya jakisoni, anamupukuta kukamwa, anamugoneka pamthunzi. Anatambasula dzanja kuti atenge Kanjiwa. Anamugwira pachifuwa. Anamvetsera mtima wake. Kenaka anamubwezera m'chitenje pang'onopang'ono.

"Uyu watisiya, mayi."

Khutulimodzi anayandikira. Ananyambita kamwana kake pamutu. Ananyambitanso.

Nasikelo anangoti khwithi pansi. Koma a Gwedeza anamugwira paphewa.

"Mayi, matemba amenewa munawatenga kuti?"

"Kwa a Kamtedza, kumsika."

"Nanga a pamwamba pa thumba akugula ndani?"

Nasikelo anadzuka ngati walumidwa ndi linthumbu.

Anawolokanso mtsinje. Anadutsa a bawo aja, anadutsa wa njinga uja, Kanjiwa ali m'chitenje pachifuwa pake. Atafika kumsika anapeza amayi ataunjikana pa benchi la a Kamtedza. Mayi wina, Nanthambwe, wa ana asanu, anali akumanga milu iwiri m'pepala.

"Siyani! Musagule! Nsombazi zili ndi mankhwala a thonje!"

A Kamtedza anaseka mokweza.

"Si wamisala wa amphaka uja uyu? Ndamuchitira chifundo, wabwera kudzandiipitsira malonda."

Nasikelo anamasula chitenje, n'kugoneka Kanjiwa pabenchi, pakati pa milu ya matemba.

"Uyu wadya chifundo chanucho."

Amayi aja anabwerera m'mbuyo.

"Mphaka wowonda chonchi amafa yekha," anatero a Kamtedza.

Nasikelo anatola temba limodzi pamulu wa Nanthambwe.

"Ndiye idyani ili, bambo."

"Ndadya kale."

"Limodzi lokha."

"Ndili ndi chilonda m'kamwa."

"Kamchira kokha, bambo. Tonse tikuona."

A Kamtedza anayang'ana tembalo. Anayang'ana amayi aja. Dzanja lawo silinatuluke m'thumba la malaya.

Nthawi yomweyo a Gwedeza anafika ali wefuwefu. Anapisa dzanja m'thumba la matemba, ananunkhiza, n'kulavula.

"Munawaza chiyani umu?"

"Pang'ono pokha," anatero a Kamtedza. "Kuti tizilombo tisalowe. Anandiuza kuti munthu akatsuka zimachoka."

"Kunyumba kwanu mumadya zimenezi?"

A Kamtedza anaweramitsa mutu.

Nanthambwe anaponya pepala lija pansi, n'kugwira kumutu.

"Mchemwali wanga wagula m'mawa! Wanena kuti aphikira ana masana ano!"

Pamenepo msika unabalalika. Uyu kumtunda, uyu kumunsi. Aliyense ankathamangira kwa amene anamuona akugula. Nasikelo, amene ankadziwa njira zonse zachidule, anali patsogolo. Khomo ili, "Musadye matemba!" Khomo ilo, "Musadye matemba!" Kwa mchemwali wa Nanthambwe anapeza ndiwo zitapsa, ana atatu atasamba kale m'manja. Nasikelo sanapereke moni. Anakankha poto ndi mwendo, msuzi n'kumwazikira m'phulusa.

Tsiku limenelo pa Thundu sipanafe munthu.

Matumba a matemba anawakwirira m'dzenje lakuya, a Gwedeza akuyang'anira. A Kamtedza anakweza benchi lawo pangolo, ndipo sanaonekenso pamsikapo.

Kutacha, Nasikelo anakumba kadzenje pansi pa mtengo wa m'bawa, n'kuika Kanjiwa. Akukwirira anamva mapazi. Anali Nanthambwe, mchemwali wake, ndi amayi ena. Pambuyo pawo pankabwera wopha mbuzi uja atanyamula kambale.

"Mphaka ameneyu wafera ana athu," anatero Nanthambwe. "Mtolo uwu wakulemerani nokha nthawi yaitali. Tiuzeni, amadya chiyani?"

Nasikelo anaika khasu pansi.

"Ine sindidziwa," anatero. "Ndinauzidwa, koma sindinamve."

A Gwedeza ndi amene anawafotokozera. Nyama kapena nsomba yabwino, yomwe munthu angadye yekha osaopa. Kuiwiritsa m'madzi okha, popanda mchere, popanda anyezi. Minga ikuluikulu kuchotsa. Madzi akumwa oyera tsiku ndi tsiku. Chovunda kapena chochita nkhungu, kudzala.

Wopha mbuzi anati Lachiwiri ndi Lachisanu azipatula zam'mimba. Amayi a mazira aja anati osweka azibwera nawo. Nanthambwe anatenga amphaka awiri kukaweta kwawo. Ena anatenga mmodzimmodzi. M'khola munatsala asanu, ndipo Phulusa anayamba kuimirira.

Koma Khutulimodzi sanadye.

Tsiku loyamba Nasikelo anaika chiwindi chowiritsa. Mphakayo anatembenukira kukhoma. Tsiku lachiwiri anaika dzira. Anatembenukira kukhoma. Tsiku lachitatu chimodzimodzi. Nasikelo ankalowa, kutuluka, kulowanso. Nkhuni sanatole. Kumsika sanapite.

Tsiku lachinayi anabwera ndi kambale ka nyama. Sanakaike pansi n'kuthawa ngati kale. Anagwada pakhomo pa khola. Ananunkhiza yekha. Anatapa kanthuli n'kudya, mphakayo akuona. Kenaka anakankhira kambaleko patsogolo.

"Mayi wa Kanjiwa, ndinakulakwirani. Munanena, ine sindinamve. Ichi mungadye?"

Anadikira. Mwendo unafuna kugwedera, anaugwira ndi dzanja. Dzuwa linasuntha. Nkhuku zinadutsa. Iye ali chigwadire.

Khutulimodzi anatembenuka. Anayandikira. Ananunkhiza mbali iyi, ananunkhiza mbali iyo. Anamuyang'ana Nasikelo m'maso nthawi yaitali.

"Mtima wanu unatitola, mayi," anatero. "Phuma lanu ndi lomwe linatipha."

Atatero anaweramitsa mutu, n'kudya.

Wamva, mphwanga? Chifundo chopanda makutu chimapha. Ukatola chamoyo, usachipatse chimene chakuchulukira iweyo, uchipatse chimene thupi lake limalola. Chaulere uzichifunsa kumene chachokera. Ndipo ukaona mnzako akusenza yekha zolengedwa zotayidwa, usaseke, gwirako mbali ina. N'chifukwa chake mpaka lero mphaka, ngakhale umupatse chiwindi cha mbuzi ndi manja awiri, amayamba wanunkhiza. Akukumbukira Kanjiwa.

Nthano yanga ndaitula apa, yathera pomwepo.